Chotupa m'njira ya mkodzo: ndi sikani iti ingasiyanitse khansa ndi matenda a chitetezo cha m'thupi?

Munthu akauzidwa kuti pa chithunzi pakuoneka chotupa mu impso kapena m'chikhodzodzo, kapena kuti kapaipi kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso kafinyika, mtima umathamangira ku khansa. Sikulakwa kutero. Kwa wamkulu amene akukodza magazi popanda ululu, khansa ndiyo iyenera kuganiziridwa poyamba mpaka madokotala atatsimikiza kuti palibe. Koma alipo matenda ena, obwera chifukwa chitetezo cha m'thupi chatembenukira ziwalo za mwini wake, amene pa chithunzi amaoneka chimodzimodzi ndi khansa. Chithandizo chake n'chosiyana kutalitali. Khansa yoopsa ya m'kapaipi kaja, kamene madokotala amati ureter, amaichiza pochotsa impso yonse pamodzi ndi kapaipiko. Matenda a chitetezo aja nthawi zambiri amaphwa ndi mapiritsi ochepetsa kutupa ndi mphamvu ya chitetezo otchedwa prednisolone m'masabata ochepa. M'magazini a zachipatala muli malipoti ambiri a anthu amene anawachotsa impso, kenako a kulabotale n'kupeza kuti munalibe khansa. Zimachitikanso mbali inayo, ndipo n'zopweteka koposa: munthu kumwa prednisolone miyezi yambiri, khansa ikukula mkati.

Ndikulembera inu amene mwapatsidwa kalata yokajambulitsa, kapena mukudwazika kholo lanu, ndipo muyenera kusankha kumene ndalama ndi nthawi zipite. Maganizo anga ndi akuti palibe sikani imene payokha ingagamule mlanduwu. Iliyonse ili ndi funso lake limene imayankha. Chimene chimapulumutsa impso ndi kudziwa yoyambira, yotsatira, komanso nthawi yoleka kujambulitsa n'kupempha kuti adule kanyama kokayeza.

Matenda amene amanamiza maso

Odziwika kwambiri ndi matenda a IgG4, dzina la mtundu umodzi wa asilikali a m'magazi. Mu 2001 gulu la Hideaki Hamano ku Shinshu University ku Japan linaona kuti odwala ena otupa kapamba (pancreas) anali ndi IgG4 yochuluka m'magazi. Pasanapite zaka zambiri zinadziwika kuti nthenda yomweyi imagwiranso tiziwalo topanga malovu ndi misozi, njira za ndulu, impso, ureter ndi prostate. Imakonda abambo opitirira zaka 50, omwenso ndi amene khansa ya chikhodzodzo imawakonda, ndipo imayenda mwakachetechete, kawirikawiri thupi osatentha n'komwe.

Wachibale wake ndi retroperitoneal fibrosis, imene John Ormond wa ku America anaifotokoza mu 1948. Apa nyama yolimba imamera kumbuyo kwa matumbo, kuzungulira aorta, mtsempha waukulu wa magazi, n'kukulunga ma ureter monga mmene kachere amakulungira mtengo umene wameramo. Mkodzo umalephera kutsika, impso zimatupa, wodwala akungodandaula za msana ndi m'chiuno. Ambiri mwa odwala amenewa amapezeka kuti gwero lake ndi IgG4 yomwe ija.

Aliponso ena. Lupus imatha kulimbitsa khoma la chikhodzodzo n'kutupitsa impso zonse ziwiri, makamaka mwa amayi achitsikana. Amene anathiridwapo BCG, katemera wa TB uja, m'chikhodzodzo pochiza khansa, kapena amene akulandira mankhwala odzutsa chitetezo monga pembrolizumab ndi nivolumab, amatha kutupa njira za mkodzo mwa mtundu woti n'kuganiza kuti khansa yabwerera.

Kwathu kuno, tisanafike kutali konseko, pali awiri oyenera kuwafunsa kaye: likodzo ndi TB. Timatotupa ta likodzo m'chikhodzodzo si nyongolotsi zenizenizo ayi, ndi chitetezo cha m'thupi chikuzinga mazira amene akanirira m'khoma. Mwa ana timatotupa timeneti timatha kuphwa atamwa praziquantel. Koma likodzo lokhalitsa limabalanso khansa, mtundu wa squamous cell, ndipo bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika kachilombo ka Schistosoma haematobium m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1994. Choncho kwa bambo amene anakulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, ku Chilwa kapena ku Chigwa cha Shire, zonse ziwiri zingakhale m'chikhodzodzo chimodzi. TB nayo imafinya ureter, imaumitsa impso, imachepetsa chikhodzodzo, ndipo ikakumana ndi prednisolone popanda mankhwala ake imafalikira.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi funso lenilenilo. Kodi dokotala akufuna kudziwa ngati mkodzo watsekeka, kapena maonekedwe a chotupacho, kapena ngati nthendayo ili m'ziwalo zinanso, kapena malo abwino obaya singano? Mufunseni mosabisa: “Adokotala, chithunzichi chikatuluka chakuti, tichita chiyani, nanga chikatuluka china?” Ngati yankho ndi limodzimodzi mbali zonse, sikaniyo mwina ndi yongotayira ndalama.

Chachiwiri ndi mphamvu ya impso zanu. Muyezetse magazi a creatinine ndipo mudziwe nambala ya eGFR, yosonyeza mmene impso zikusefera magazi. Ikatsika pansi pa 30, mankhwala owalitsa chithunzi, amene amati kontrasti, amafuna kusamala kwambiri, ndipo zimenezi zimasintha njira yonse.

Chachitatu ndi wowerenga chithunzi. Makina abwino opanda dokotala wodziwa kuwerenga zithunzi za njira ya mkodzo amangokupatsani pepala lolembedwa kuti chotupa chikukayikitsa, zimene munkazidziwa kale. Pa kalata yokajambulitsa pazilembedwa mbiri yonse: likodzo, TB, HIV, shuga, kutupa kwa m'masaya kapena m'zikope, mankhwala amene mukumwa.

Kenako pali zinayi zimene tiyeze nazo njira iliyonse: mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zoopsa. Pa mtengo musawerenge ya makina yokha. Muikepo thiransipoti, pogona, chakudya cha wodwazika ndi masiku a ntchito amene atayike. Pa kasamalidwe ndikutanthauza zimene makinawo amafuna kuti azigwira ntchito, komanso zimene inuyo muyenera kukonzekera ndi kubwereza.

Sikani ya ultrasound

Iyi ndi yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Amakuuzani kumwa madzi ambiri n'kuugwira mkodzo mpaka chikhodzodzo chitadzaza, chifukwa chikakhala chopanda kanthu khoma lake limakwinyika n'kuoneka lochindikala ngakhale lili bwinobwino. Amapaka mafuta ozizira pamimba ndi m'nthiti, ndipo pa mphindi 15 zatha. Imaonetsa bwino impso yotupa ndi mkodzo wotsekeka, chotupa chotuluka m'khoma la chikhodzodzo, ndi zizindikiro za likodzo. Chimene singathe ndicho kunena mtundu wa chotupacho. Pakati pa ureter pamabisika ndi mpweya wa m'matumbo, ndipo khansa yaing'ono kapena yoyala pakhoma imaidutsa osaiona.

Mtengo: yotsika kuposa zonse. M'zipatala za boma ku Malawi simulipira, m'zipatala za CHAM ndi zapulaiveti mumalipira koma siifika pa mtengo wa CT, sikani yaikulu ya cheza cha ekisire imene tiikambe kenako.

Kupezeka: zipatala zambiri za m'maboma zili nayo.

Kasamalidwe: makina ake safuna zambiri, ena ndi onyamula m'manja oyendera batire. Ubwino wake waukulu ndi woti mungabwereze kangati konse, n'chifukwa chake ndi yothandiza poona ngati impso ikuphwa mutayamba mankhwala. Mupemphe kuti miyeso ya impso zonse ziwiri ilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, kuti wodzaunika ulendo wina adzakhale ndi poyerekeza.

Zoopsa: kuthupi palibe. Choopsa chake ndi kukhazika mtima pansi molakwika. Wamkulu wokodza magazi akauzidwa kuti sikani ili bwino, asabwerere kunyumba ngati nkhani yatha.

CT urography

Pa zithunzi zonse, iyi ndiyo msana wa nkhaniyi, ndipo ngati ndalama zikukwanira sikani yaikulu imodzi yokha, impso zili ndi mphamvu, ndingasankhe imeneyi. Samalani ndi dzina. CT yopanda kontrasti, imene amalemba kuti CT KUB, ndi yofufuzira miyala, ndipo pa funso la khansa sikuthandizani mokwanira. CT urography amajambula kangapo: asanabaye kontrasti, patapita mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri pamene nyama ya impso yawala, ndiponso patapita mphindi pafupifupi 10 pamene mankhwalawo atsikira mu ureter ndi m'chikhodzodzo. Akamabaya mumamva kutentha kukuyenda thupi lonse, m'kamwa mumamveka kachitsulo, ndipo ambiri amaganiza kuti adzikodzera. Simunadzikodzere, zimatha pa mphindi imodzi.

Wowerenga amayang'ana zinthu izi. Matenda a IgG4 mu impso amakonda kuoneka ngati timadontho tingapo tosawala, tozungulira kapena ta makona atatu, chakunja kwa impso, ndipo kawirikawiri mbali zonse ziwiri. Akagwira pamene mkodzo umasonkhana mu impso kapena mu ureter, khoma limachindikala koma mkati modutsa mkodzomo mumakhala mosalala, chifukwa nthendayo ili kunsi kwa khungu la mkati. Khansa ya njira ya mkodzo imamera pa khungu la mkatilo, ndiye imaoneka ngati chinthu cha manomano cholowerera mu njira, nthawi zambiri mbali imodzi. Kumbuyo kwa mimba, fibrosis imakuta aorta kutsogolo ndi m'mbali, kumunsi kwa impso, n'kukokera ma ureter chapakati. Lymphoma, khansa ya maselo a chitetezo, imakonda kukhala ya mabumamabuma, kukwera mpaka kumtunda kwa impso, kunyamula aorta kuichotsa pa msana ndi kukankhira ma ureter kunja. CT imaonanso kapamba pa chithunzi chomwecho, ndipo kapamba wotupa yense mosalala pamodzi ndi timadontho ta mu impso zonse ziwiri ndi umboni wamphamvu woloza ku IgG4. Likodzo lakale limasiya mzere woyera wa kashiamu kuzungulira khoma la chikhodzodzo, umene CT imauona bwino kuposa MRI.

Zonsezi ndi zizolowezi za matendawa, si malamulo. IgG4 ikabwera ngati chotupa chimodzi mbali imodzi, ngakhale katswiri sangaisiyanitse ndi khansa pa CT.

Mtengo: wapakati. Kupulaiveti ndi ndalama zoti banja likhalirepo pansi, ndipo kontrasti ena amawerengera payekha, ndiye funsani mtengo wonse. Amene ali pa MASM kapena medical aid ya ku South Africa apemphe chilolezo asanajambulitse.

Kupezeka: m'mizinda ikuluikulu, kuzipatala zazikulu ndi zapulaiveti za ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka. Wochokera kumudzi amafuna kalata yotumizidwa.

Kasamalidwe: CT imafuna magetsi osasinthasintha, chipinda chozizira, ndi chubu chotulutsa cheza chimene chimatha n'kufuna chatsopano chochokera kunja. Makina akhoza kukhalapo koma osagwira ntchito, kapena kontrasti atatha. Imbani foni musanakwere basi. Mukajambulitsa, mutenge zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi, osati lipoti lokha, chifukwa dokotala wina adzafuna kuona yekha.

Zoopsa: cheza chake n'chochuluka, nthawi zambiri kupitirira 10 mSv (muyeso wa cheza), pamene cha chilengedwe chimene munthu amalandira pa chaka ndi pafupifupi 2.4 mSv. Kwa bambo wa zaka 65 wokayikiridwa khansa, phindu limaposa chiopsezo. Kwa mtsikana wa lupus amene adzafunika kujambulidwa kambirimbiri, nkhani ndi ina. Kontrasti amatha kupweteka impso zofooka kale, ndipo ena amawawenga, ochepa moopsa. Ngati mumamwa mankhwala a shuga a metformin, kapena mwina muli ndi pakati, nenani asanayambe.

MRI

MRI imagwiritsa ntchito maginito, ilibe cheza cha ekisire. Mumagona m'kati mwa chimphanga chopapatiza kwa mphindi 30 mpaka 45, makina akugogoda mokweza, inu mukuuzidwa kugwira mpweya kangapo. Mphamvu yake ili pa kusiyanitsa mitundu ya nyama. Pa zithunzi zimene amati T2, nyama yolimba ya IgG4 kapena ya fibrosis yokhalitsa imaoneka yakuda, pamene khansa zambiri zimaoneka zowalirapo ndi zosakanikirana. Pa mtundu wina wa zithunzi za MRI wotchedwa DWI timadontho ta mu impso timaoneka msanga ngakhale osabaya kontrasti, koma apa khansa ndi IgG4 zonse zimawala, ndiye DWI imakuuzani pamene pali vuto, osati dzina lake. Ureter yotupa ndi mkodzo imaoneka yokha popanda mankhwala, chinthu chamtengo wapatali kwa amene impso zawo zafooka. M'chikhodzodzo, njira yowerengera ya VI-RADS imene inakhazikitsidwa mu 2018 imathandiza kuyerekeza ngati chotupa chalowa mu mnofu wa khoma, koma inapangidwira khansa yodziwika kale, osati kusiyanitsa khansa ndi kutupa.

Mtengo: woposa wa CT pafupifupi kulikonse.

Kupezeka: makina ndi ochepa ndipo mzere umatalika. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre MRI inafika mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Pa zithunzi za m'mimba, funsani mphamvu ya maginito. A 1.5 tesla kapena 3 tesla ndi amene amatulutsa DWI yodalirika ya impso ndi chikhodzodzo.

Kasamalidwe: makina amphamvuwo amazizitsidwa ndi helium ndipo safuna kuti magetsi azime nthawi yaitali, ndiye kuwasunga n'kodula, ndipo mtengowo umagwera wodwala. Kwa munthu amene adzafunika kuunikidwa kwa zaka, monga wa fibrosis, MRI ndi yabwino kubwereza kusiyana ndi CT.

Zoopsa: chitsulo chilichonse cha m'thupi, batire ya mtima, tizidutswa ta chitsulo m'diso mwa owotcherera, zonse zinenedwe. Kontrasti wa gadolinium anapezeka kuti amatha kuumitsa khungu ndi ziwalo mwa anthu a impso zofooka kwambiri. Mitundu yatsopano chiopsezo chake n'chochepa zedi, komabe eGFR ikhale yodziwika. Miyala ndi kashiamu MRI siiona bwino, ndipo khansa yaing'ono ya mu ureter imaoneka bwino pa CT.

PET-CT

Anthu ambiri amaimva ngati sikani yomaliza, yoona zonse. Pa funso lathuli si choncho. Amabaya shuga wonyamula cheza wotchedwa FDG, ndipo paliponse pamene maselo akudya shuga kwambiri pamawala. Khansa imawala. IgG4 imawala. TB imawalanso. Kuwonjezera apo, FDG amatuluka ndi mkodzo, ndiye impso, ureter ndi chikhodzodzo zimawala mwachibadwa n'kubisa malo omwewo amene mukufuna kuona, ngakhale madokotala amayesa kutsuka ndi madzi ndi mankhwala okodzetsa a furosemide. Phindu lake lenileni lili kwina. Imaona thupi lonse nthawi imodzi. Ikaonetsa kuti tiziwalo ta malovu mbali zonse ziwiri, kapamba, khoma la aorta ndi impso zikuwala pamodzi, kafalidwe kameneko kamaloza ku IgG4. Imathanso kusonyeza malo osavuta kudulapo kanyama, monga pansi pa chibwano m'malo mobaya impso, ndiponso ngati fibrosis ikadali yamoyo yoti ingamve mankhwala kapena yasanduka chipsera basi.

Mtengo: wokwera kuposa zonse, ndipo kwa ambiri a ife muwonjezepo tikiti, pasipoti ndi pogona.

Kupezeka: odwala a kwathu amene aifuna nthawi zambiri amapita ku South Africa, Kenya kapena India. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain amaipeza kudzera mwa katswiri amene akuwaona.

Kasamalidwe: cheza cha FDG chimatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, ndiye mankhwalawo sangasungidwe. Amafuna makina opangira, a cyclotron, pafupi kapena pa mtunda woti ndege ifike msanga. Inuyo mumasala kudya maola 4 mpaka 6, ndipo shuga wanu akhale wotsika. Prednisolone akayambika kale, chithunzi chimatha kuzilala n'kunamiza.

Zoopsa: cheza cha FDG pamodzi ndi cha CT. Choopsa chimene ndimachiopa kwambiri ndi cha banja kugulitsa munda kapena ng'ombe, kubwera ndi chithunzi chowala, dokotala n'kunena kuti tidulebe kanyama.

Kamera ndi kanyama kokayeza

Iyi si sikani ngati zinazo, koma singasiyidwe pa kuyerekezaku chifukwa ndi imene imapereka dzina la nthenda. Cystoscopy ndi kakamera kolowetsa kudzera kokodzera kukaona m'chikhodzodzo. Kakamerako kakakhala kofewa amangopaka mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Dokotala amaona ndi maso timadontho tachikasu ta mazira a likodzo, kapena khansa, n'kudulapo. Ureteroscopy imakwera mpaka mu ureter ndi mu impso, munthu atagonekedwa. Chotupa cha mu nyama ya impso kapena cha kumbuyo kwa mimba amachibaya ndi singano, akuunika ndi ultrasound kapena CT.

Pa maikulosikopu, IgG4 ili ndi zizindikiro zake: maselo a chitetezo othithikana, chipsera cholukana mozungulira, timitsempha totsekeka, ndi maselo onyamula IgG4 opitirira 40 pa 100 alionse onyamula IgG, lomwe ndi gulu lonse la asilikali amenewa. Kuwerenga komalizaku kumafuna mankhwala apadera opaka pa kanyamako, ndipo woyezayo sawapaka ngati sanapemphedwe. Dokotala alembe pa fomu kuti akukayikira IgG4, TB kapena lymphoma.

Mtengo ndi kupezeka: madokotala a njira ya mkodzo amapezeka makamaka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi University Teaching Hospital ku Lusaka. Tinyama timayezedwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo zoyeza zapadera nthawi zina amazitumiza kunja, zomwe zimawonjezera mtengo ndi masabata.

Kasamalidwe: lembani nambala ya kanyama kanu ndi tsiku, ndipo muzilondola zotsatira. Kanyamako kamasungidwa mu phula kwa nthawi yaitali, ndiye kangathe kuyezedwanso kwina popanda kukubayaninso. Ngati anakuikani DJ stent, kapaipi koikidwa mu ureter kuti mkodzo uzitsika, dziwani tsiku lokachotsa kapena kusintha. Kakaiwalika kamamera miyala n'kuononga impso imene kanaikidwira kupulumutsa.

Zoopsa: kutaya magazi, matenda a m'mkodzo, kubooka kwa ureter mwa apo ndi apo. Mu ureter kanyama kamatuluka kochepetsetsa, ndipo popeza IgG4 imakhala kunsi kwa khungu la mkati, zotsatira zingangoti kutupa wamba. Zotsatira zotere sizitanthauza kuti khansa palibe. Ngati ilidi khansa ya mu ureter, kulowamo ndi kamera kumakweza mwayi woti idzamerenso m'chikhodzodzo, n'chifukwa chake madokotala sachita izi pamene CT ndi maselo a mu mkodzo zagwirizana kale kuti ndi khansa.

Njira ziwiri zachidule zimene zimakopa

Yoyamba ndi kuyeza IgG4 m'magazi. Malire amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi 135 mg/dL. Koma odwala ena enieni nambala yawo imakhala yabwinobwino, ndipo imakwera mwa ena a khansa. Kwathu pali chinanso: likodzo lokhalitsa ndi njoka zina za m'thupi zimakweza IgG4 pazokha. Msodzi wa ku Salima akapezeka ndi nambala yokwera, si umboni woti chotupa chake si khansa.

Yachiwiri ndi kumwa prednisolone kuti tione ngati chotupa chiphwe. N'zoona kuti IgG4 imamva msanga, nthawi zambiri pa masabata 2 mpaka 4. Koma lymphoma nayo imaphwa kwa kanthawi ndi mankhwala omwewa, ndipo kanyama kodulidwa pambuyo pake kamavuta kuwerenga. Kumene HIV ndi TB zili zambiri, imeneyi si ngozi yongoganizira. Prednisolone amakwezanso shuga ndi BP, ndipo amatha kudzutsa hepatitis B. Kuyesa kotere kuli ndi malo ake, koma m'manja mwa katswiri, khansa ndi TB zitafufuzidwa kale, ndipo tsiku lojambulanso litalembedwa mankhwala asanayambe. Musagule nokha kufamase.

Ndani asankhe chiyani

Ngati mkodzo wachepa kwambiri, miyendo yatupa, creatinine ikukwera ndipo ultrasound yaonetsa impso zonse ziwiri zotupa, kujambulitsa kwina kudikire. Mkodzo utulutsidwe kaye ndi stent kapena kapaipi kobaya m'nthiti. Impso zikapuma, CT ya kontrasti kapena MRI idzatsatira.

Mwana kapena wachinyamata wa kunyanja wokodza magazi kumapeto kwa mkodzo ayambe ndi kuyezetsa mkodzo wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri, kenako ultrasound, praziquantel pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu, ndi ultrasound ina patapita miyezi ingapo. CT apa siyofunika poyamba.

Wamkulu wokodza magazi, makamaka wosuta fodya kapena amene anadwalapo likodzo kalekale, afunika cystoscopy ndi CT urography, ngakhale mazira a likodzo atapezeka mu mkodzo. Amwe praziquantel koma asadikire miyezi kuti aone ngati chotupa chiphwe. Kwa abale athu a ku England, malangizo a NICE, bungwe lolangiza za umoyo kumeneko, amati wa zaka 45 kupita m'tsogolo wokodza magazi ooneka popanda chifukwa chodziwika atumizidwe mwachangu kwa akatswiri, ndiye muuzeni GP, dokotala wanu woyamba, mosazungulira, ndipo mutchule kuti munasambirapo m'nyanja ya Malawi.

Ngati CT yaonetsa timadontho mu impso zonse ziwiri, kapena khoma lochindikala losalala mkati, komanso pali kutupa m'masaya, m'zikope kapena mu kapamba, pemphani kuti opaleshoni yochotsa impso idikire kaye kanyama. MRI ikhoza kuwonjezera umboni, ndipo malo odulapo akhale osavuta kufikako.

Ngati pali nyama yokuta aorta mosalala kumunsi kwa impso, CT kapena MRI ndi zoyeza magazi nthawi zina zimakwanira kuti katswiri ayambe chithandizo akuunika pafupipafupi. Ikakhala ya mabuma, yonyamula aorta, kapena munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena ali ndi HIV, singano isalephere.

Wa eGFR yochepera 30, woyembekezera, kapena wachinyamata amene adzajambulidwa kambiri, asankhe ultrasound ndi MRI yopanda kontrasti.

Mkodzo ukamaonetsa mafinya koma tizilombo tamasiku onse osapezeka, ureter itafinyika malo angapo, ayeze TB mu mkodzo wa m'mawa, pa GeneXpert ndi pomeretsa tizilombo kulabotale, prednisolone asanayandikire.

PET-CT ndi ya amene kanyama kawo kalephera kupereka yankho ndipo pakufunika malo ena odula, kapena amene IgG4 yawo yatsimikizika ndipo dokotala akufuna kudziwa ziwalo zonse zimene zagwidwa. Ndipo ngati chotupa ndi chimodzi, mbali imodzi, cha manomano mkati mwa ureter, mkodzo ukuonetsa maselo a khansa, musachedwetse opaleshoni pofunafuna sikani ina.